Chigoli Chachiwiri cha a Kumwenda

Nkhani iyi ndinaimva kwa mayi Olipa NyaMtonga, tsiku lina basi ya ku Chipata itandisiya pa Lundazi. Ine phazi langa silikhazikika, ndipo paliponse pamene ndaima ndimapempha tiyi ndi nkhani. Tiyi wa tsikulo ndinamuiwala. Nkhani ndi iyi.

Anali masiku a chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipanicho, shuga naye ankabwera mwa apo ndi apo ngati mlendo. Olipa anali ndi nyumba ya tiyi kuseri kwa msika. Mlongo wake wa ku Ndola anamutumizira tivi yaing'ono yosaonetsa mitundu, yoyendera batire ya galimoto, waya wake atamukweza pa nsungwi zitatu zolumikiza. Loweruka masana anthu ankadzaza kudzaonera mpira, ena atapalasa njinga kuchokera ku Mphamba ndi kwa Mwase.

Muulutsi wa pa tivi ankalankhula Chingerezi, ndipo ambiri sankamva. Choncho pambali pa tivi panali mpando wa a Friday Kumwenda, amene anagwira ntchito zaka makumi awiri ku migodi ya ku Mufulira n'kutola Chingerezi cha mabwana. Iwo ndiwo ankafotokozera anthu mpira m'chinenero chakwawo, n'kumathirako mchere. Kunyumba anali nkhalamba yoingitsa nkhuku pa mphasa ya mtedza. Pampandopo, anthu makumi anayi ankakhala chete kudikira pakamwa pawo.

Loweruka lina timu ya ku migodi inkasewera ndi ya asilikali. A ku migodi anali patsogolo ndi chigoli chimodzi, chimene Mulambia anamwetsa ndi mutu pa kona ya Kapasa. Pa nthawi yopuma mkangano unali utayaka kale.

"Ameneyu si muulutsi," anatero a Kumwenda, akuloza tivi ndi supuni. "Ndi munthu wodikira basi. Atchula dzina limodzi, kenaka zii, ngati wapita kuthengo. Amamulipira kuti alankhule kapena kuti apume?"

"Adada, ntchito yake ndi yomweyo," anayankha Haswell Ngulube, mphunzitsi wachinyamata wa pa sukulu ya pa boma. "Wa pa wailesi amalongolola chifukwa anthu sakuona. Apa chithunzi chilipo. Munthu akakupatsa nyama, ukufuna akutafunirenso?"

"Nanga ife opanda mano tife ndi njala?"

Anthu anaseka. Robson Zimba, wokonza njinga, anawonjezera nkhuni. "Aphunzitsi, kani ndi chifukwa chake mwana wanga amabwera kusukulu mutu uli mbee. Mumaphunzitsa ngati muulutsiyu: dzina limodzi, kenaka zii."

Haswell sanaseke. "Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika," anatero. "Ine Chingerezi ndimachimva. Theka la zimene adadawa amanena, mu tivi mulibe."

A Kumwenda anamwa tiyi wawo. Ankadziwa kuti sabata yapitayo Haswell anapempha Olipa kuti amupatse mpandowo, ndipo Olipa anati: "Mpando ndi wa munthu amene anthu akumufuna. Akadandaula, ndidzasintha."

Chimene a Kumwenda sanauze munthu n'chakuti maso awo anali atachita ng'ala. Linayamba lamanzere, lamanja n'kutsatira. Tivi ankaiona ngati zenera la m'mawa wa mwezi wa Juni, chifunga chokhachokha ndi timithunzi toyenda. Njira ya kumsika ankaidziwa ndi mapazi: mtengo wa mango, ngalande, kenaka fungo la matemba. Mpira nawo ankauona ndi makutu. Muulutsi akatchula dzina, iwo ankalimangira nyumba. Phokoso la m'bwalo likakwera, ankadziwa kuti mpira wayandikira golo. Koma muulutsi akakhala chete, iwo ankatsala ngati munthu wa pansi pa mgodi nyali itazima. Pamenepo ndiye ankayamba nthabwala, kudikira kuti mawu abwerere.

Chigawo chachiwiri chinayamba. Patapita kanthawi, wosewera wa asilikali anagwa n'kugona pansi osadzuka. Onse m'nyumbamo anaona. Muulutsi sananene kanthu. A Kumwenda anangomva kuti bwalo lazizira, nayamba kudzaza mpata.

"Aoneni asilikali! Afola kumbuyoko ngati amva kuti kusitolo kwabwera sopo!"

Ena anaseka, ena anayang'anana. Mwadzidzidzi mawu a muulutsi anatuluka: "Kapasa... Mulambia!" Phokoso la m'bwalo linaphulika.

A Kumwenda anadzambatuka, kapu ya tiyi n'kugubuduka. "Chigoli! Chachiwiri! Mulambia mwana wa mfiti, mutu wake ndi nyundo! Asilikali longedzani, lole yanu ikudikira panja!"

Anafuula mpaka mpweya kutha. Pamenepo m'pamene anamva kuti akufuula okha.

Anthu a tivi, podikira kuti wovulalayo anyamulidwe, anali atabwereza chigoli choyamba chija, pang'onopang'ono, kuti anthu achionenso. Masiku ena muulutsi ankayamba wanena kuti tionenso. Tsiku limeneli sananene. Aliyense wa maso anaona kuti ndi kona yomwe ija, mutu womwe uja.

Robson anayesa kuwaombola. "Adada, chigoli chimodzi mwachidya kawiri ngati ng'ombe yobzikula!"

Anaseka awiri okha, nawonso analekezera panjira.

Haswell anaimirira. Mawu ake sanali achipongwe tsopano. "Adada, panopa pa tivi pali chiyani?"

Pa tivi panali amuna anayi atanyamula munthu pa machira. A Kumwenda anatembenukira kumene kunali kuwala. Anatchera khutu, koma muulutsi anali chete ngati kale. Akanatha kunena kuti tiyi wawalowa m'maso. Akanatha kutukwana muulutsi, anthu n'kuseka, nkhani n'kupita.

"Pali chifunga, mwana wanga," anatero. "Chaka chachiwiri tsopano."

Olipa anaika ketulo pansi. "Adada Kumwenda, bwanji osanena?"

"Ndikananena mukanatani, amama? Mukanandipatsa tiyi wachisoni, mpando n'kupatsa wina."

"Mpando sindinakulandeni ine."

"Simunandilande. Koma anthu awa apalasa njinga kuchokera kwa Mwase kudzamva mpira, osati maloto a nkhalamba." Anapapasa mpando uja n'kuukankhira kumene kunachokera mawu a Haswell. "Khalani apa, aphunzitsi. Mumaufuna."

"Sindimaufuna motere, adada."

"Mpando sufunsa kuti waupeza bwanji. Khalani, mpira wayamba."

Robson anawagwira dzanja n'kuwakhazika pa benchi, pakati pa iye ndi mlimi wina wa fodya. Benchi inali yotsika, ndipo mawondo awo anafika pafupi ndi chibwano.

Haswell anakhala pampando paja. Anachita monga ankakhulupirira: muulutsi akatchula dzina, iye n'kutchula dzina, muulutsi akakhala chete, iyenso chete. M'nyumbamo munkamveka supuni zokha. Mlimi wa fodya uja anayasamula.

"Aphunzitsi," mawu anachokera pa benchi, "mpira uli kuti?"

"Pakati, adada."

"Pakati pa ndani? Wautenga ndani? Akuthamangira kuti?"

"Wautenga wa asilikali, wamtali uja. Akupita kudzanja lamanja."

"Ali yekha?"

"Akumuthamangitsa awiri."

"Ndiye nenani! Mukudikira kuti ndilembe kalata?"

Haswell anayamba kunena. Poyamba ankachita ngati akuwerenga mayina m'kalasi. Akangopuma pang'ono, funso linkabwera kuchokera pa benchi, ndipo posakhalitsa analeka kupuma kuti mafunso asamupeze. Ananena za goloboyi amene ankakoka kabudula, za woimbira mpira amene mimba inkamutsogolera, za mpira umene unapita kumwamba ngati ukukasuzumira mvula. Thukuta linatsika m'khosi mwa malaya ake oyera. Olipa anamupatsa madzi kawiri.

Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, asilikali anabweza chigoli. Haswell anaimirira n'kufuula ndi mawu osasa: "Chigoli! Chalowa pakona yakumanzere!"

"Aphunzitsi," anatero a Kumwenda, "chigoli cha asilikali sitifuula choncho muno. Timachinena ngati uthenga wa maliro."

Nyumba yonse inaphulika ndi chiseko, Haswell naye anaseka. Mpira unatha chimodzi kwa chimodzi.

Anthu akutuluka, Haswell anafika pa benchi. "Adada, Loweruka likubwerali mubwererenso pampando panu. Ine ndizikhala pambali, ndizikunong'onezani."

"Kuti anthu azimva mpira wodutsa pakamwa pawiri? Ufika wozizira." Anapukusa mutu. "Inu nenani. Ine ndizifunsa."

Robson anabweretsa njinga pakhomo. Masiku onse a Kumwenda ankakana kunyamulidwa, amati miyendo yawo sinapume ntchito. Tsiku limenelo anapapasa kaliyala, n'kukhalapo cham'mbali, n'kugwira malaya a Robson. Pampando paja sanakhalenso, ngakhale Loweruka limene Haswell anadwala chimfine.

Mayi Olipa anandilumbirira kuti zaka ziwiri zonsezo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa za maso aja. Pamenepo pokha ndi pamene ine ndikukayika. Anthu makumi anayi a maso awo sangamve nkhalamba ikuuza mpira umene palibe, Loweruka ndi Loweruka, osazindikira kanthu. Ine ndikuganiza kuti onse ankadziwa, ndi Olipa yemwe, ndipo amene sankadziwa anali mphunzitsi yekha.