Chibakera cha Amuna Anga

Amuna anga amawotcherera zitsulo, ndipo manja awo ndi mafosholo enieni. Tsiku limene anesi anawauza kuti shuga wawo wayamba kukwera, anafika pakhomo akuimba mluzu.

"Mayi a ana, anesi aja ndi munthu! Akuti mpunga, mbatata, buledi, ndisasiye ayi. Ndizingodya zofanana ndi chibakera changa."

Anakunga chibakeracho n'kuchitsitsa patebulo kuti di! Makapu anachita kudumpha.

"Chimenecho n'chibakera kapena dzungu?" ndinafunsa.

"Lamulo la kuchipatala ilo, mayi. Pakulani!"

M'mawa mwake ndinawakokera kuchipatala komweko. Anesi atachiona chibakera chija anavula magalasi, naseka mpaka misozi.

"Pepani bambo, dzulo ndinalankhula ndisanaone manja. Muziyezera cha mayiwa."

Anatijambulira mbale papepala: theka masamba, mbali ina nyemba, nsomba kapena mazira, kangodya kotsalako ndiye ka zokhutitsa. Shuga wa mu tiyi azichepa sabata ndi sabata, zakumwa zotsekemera zija aziiwale.

Kuyambira pamenepo dzanja langa linasanduka sikelo. Ndikamapakula, bambo ankaima kumbuyo kwanga ngati woyang'anira mayeso.

"Musafinye kwambiri zalazo, inu. Kungani momasuka."

Tsiku lina anandigulira magolovesi okhuthala a kuntchito kwawo, ati manja anga asamapse ndi poto. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, iwonso chimodzimodzi, masamba n'kupserera pamoto.

Komatu ankadya. Sabata yoyamba ankatafuna kabichi nkhope ili ngati akulipira mlandu. Pofika yachinayi anayamba kufunsa okha ngati kuli therere. Tulo tamasana tija, tomwe tinkawagwetsa pabenchi chitsulo chili m'manja, tinatha.

Patatha miyezi itatu tinapita kukayezetsanso. Anesi anayang'ana kamakina kawo, nagwedeza mutu.

"Watsika bwino, bambo. Pitirizani."

Eee! Amuna anga anatulukira pakhonde manja ali m'mwamba, n'kuyamba kuvina pamaso pa odwala onse. Atangodumpha kachiwiri, buluku linatsetsereka mpaka m'mawondo. Mimba inali itaphwa, lamba anali atatha mabowo.

Mayi wina wachikulire pamzere anaombera m'manja. "Vina mwanawe, ife taona zambiri!"

Tinatuluka ine nditagwira buluku kumbuyo, iwo akugwedezabe mapewa. Tinadzera kuntchito kwawo, anatenga msomali ndi hamala, naboola lambayo mabowo awiri.