Nthochi za Pamwala

Chiperoni chikaphimba phiri la Mulanje, ngakhale mbuzi zimakana kutuluka m'khola. Koma Aliness, abale inu, ankatulutsa mwana. Chikondwero anali mwana wa malemu mkulu wake, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo lamulo la pakhomopo linali limodzi: mtolo wa nkhuni ukachepa, chakudya palibe.

Lachiwiri lina mwanayo anatsika m'nkhungumo ndi kamtolo konyowa. Aliness atakaona anavundikira poto wa chinangwa ndi nandolo.

"Musavutike amayi, ndadya kale," anatero Chikondwero, mawu ali pansipansi.

"Wadya kuti?"

"Kuphiri. Ndinapeza nthochi zakupsa pamwala, ataziyala bwinobwino patsamba. Munthu panalibe."

Ndani kuno sanamvepo zoti mizimu ya m'phirimo imasiyira munthu chakudya, ndipo wodyayo saitana mnzake? Aliness anathamangira kwa a Jenifer, oyandikana nawo nyumba.

"Akukuopsezani ameneyo kuti mumumvere chisoni," anatero a Jenifer. "Mawa mumutumenso osamupatsa kanthu. Ngati akudya kwa mizimu, azidya komweko."

Aliness anamveradi. Lachitatu ndi Lachinayi mwana ankafika mochedwerachedwera, n'kumati nthochi zija tsopano zikupezeka chakumtunda. Lachisanu sanabwereko. Amayi otola nkhuni ndiwo anamupeza masana atagona m'mphepete mwa phompho, thupi litazizira, akumwetulira nkhungu.

Kuchipatala, anamwino a Violet anamuika dilipi, kenako anaitana Aliness.

Aliness atafotokoza za nthochi zija, a Violet anati, "Nthochi zake ziti? Mwanayu wasanza masamba ndi dothi basi. Njala ikafika povuta, munthu amaona zinthu zoti palibe. Mayi, mwanayu mukumuzunza."

"Ine? Kumuzunza? Chibwerereni pakhomo panga sindinamukhudzepo ndi kamtengo komwe! Ndikumuphunzitsa ntchito."

"Kuzunza si chikwapu chokha ayi," anayankha a Violet. "Kumumana chakudya n'kuzunza. Kumutuma komwe inuyo mukuopa kupondako n'kuzunzanso. Akanagona pamenepo ola linanso, bwenzi pano tikunena zina. Nkhaniyi ndikaipereka kwa oona za chitetezo cha ana."

Apo Chikondwero anatsegula maso. Aliness anamusendezera kapu ya phala. Mwana sanailandire. Anatembenukira kwa anamwino.

"A nesi, ndikachira mundibwezere kuphiri. Kumeneko sayeza mtolo."

Aliness anakhala pansi pa simenti n'kulira mokweza ngati pamaliro, ndipo m'chipindamo palibe anamutonthoza.

Phunziro: Tisadzinamize kuti poti sitinamenye ndiye kuti sitinazunze. Mwana akafika pomaona kuti nkhungu za kuphiri zili ndi chifundo kuposa pakhomo pathu, wolakwa ndife. Ndipo ukaona mnzako akumumana mwana chakudya, usamulimbikitse. Kanene mwanayo akadali moyo.