Jiki m'Botolo la Thobwa

Celestina anali kusesa pakhonde pamene anamva mwana wake Tamanda akutsokomola kuseri kwa nyumba. Atathamangirako anamupeza atagwira botolo, dovu lili chuchuchu, m'kamwa mukununkha jiki.

Celestina ankagulitsa thobwa pamsika wa Thuchila m'mabotolo apulasitiki ogwiritsidwapo kale ntchito. Jiki wotsukira mabotolowo ankagula woyezera, n'kumuthira m'botolo lofanana ndi enawo. Kwa mwana wa zaka zitatu, botolo lililonse pakhomopo linali la thobwa.

"Abambo ake Tamanda, bwerani! Mwana wamwa jiki!"

Mwamuna wake Rafael, yemwe anali atangoweruka kothyola tiyi, anamunyamula mwanayo. "Sungunulani mchere asanze msanga. Kapena ndimupise chala kukhosi?"

"Iyayi, achimwene, musatero!" Anali a Marjory, alangizi a zaumoyo okhala m'nyumba yoyandikana nawo. "Jikiyo wamuwotcha polowa, akasanza amuwotchanso potuluka. Mutsukeni m'kamwa ndi madzi oyera, amweko pang'ono chabe. Itanani kabaza. Botololo mutenge, adokotala akalione."

Kuchipatala anapeza kuti Tamanda anameza pang'ono, wambiri analavula. Anamugoneka, mawa lake n'kumutulutsa.

A Marjory atabwera kudzazonda, Celestina anadandaula. "Nanga mabotolo ndizitsukira chiyani, amayi? Ndani angagule thobwa m'botolo lakuda?"

"Sopo ndi madzi ofunda n'zokwanira. Mukatsukuluza, muwayanike padzuwa pathandala. Mapoto kwechani ndi phulusa, fungo muchotse ndi mandimu. Si awo angoyoyoka pansi pa mtengo wanuwo, mukusungira mbuzi?"

Celestina anaseka koyamba chichitikire ngoziyo. "Ndiye jiki ndimutaye?"

"Ayi, kuchimbudzi amathandiza. Koma akhale m'botolo lake lolembedwa, lotseka bwino, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena. Mpweya wake umapweteka m'chifuwa."

Madzulo ake Rafael anakhoma thabwa m'mwamba pafupi ndi denga, n'kuikapo jiki ndi sopo waufa. Celestina anayesa kufikira, mpaka anachita kukwera pampando.

"Mwakwezetsatu, bambo."

"Ngati amake akulephera, ndiye kuti pali bwino."

Patapita sabata, Tamanda analoza dengu la mabotolo. "Amayi, thobwa."

Celestina anatenga limodzi n'kumupatsa osayamba walinunkhiza. Mudengumo munali thobwa lokhalokha.

Mankhwala otsukira asathiridwe m'botolo la chakumwa, ndipo akhale posafikira ana. Mwana akamwa, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala.