Tsiku Limene Amayi Anazira Benzi Yanga

Ine ndine Wadson, mwana wa ku Rivirivi amene anachoka kwawo ndi kajumbo ka zovala n'kubwerera pa Benzi yakuda. Ndayenda ine. Ku Beira ndadyako nkhanu, ku Harare ndagonako pasiteshoni, ku Durban ndatsuka magalimoto a eni mpaka kutsegula malo angaanga otsukirapo. Choncho ndikamanena za penti ya galimoto muzimvetsera.

Galimoto simungoitsuka ndi sopo n'kumati yayera. Valani jumbo kudzanja, musisite boneti, mumva tokhakhala ngati nkhope ya ziphuphu. Timeneto ndi phula la mumsewu, utomoni wa mitengo ndi fumbi la njanji, ndipo chochotsera chake ndi dongo. Osati la kudambo iyayi, koma la m'sitolo, lonanda ngati chingamu. Lilipo lofiira, laukali, lochotsa zonse koma limakala penti. Lilipo labuluu, lofatsa. Ndisananyamuke ku Durban ndinakhalitsa m'sitolo ndikukanya timadongoti ndi zala, mpaka mwini sitolo anandipatsa mpando. Ndinasankha labuluu, chifukwa galimoto yakuda siibisa chipsera.

Ndinafika kumudzi nthawi ya dzinja, m'chaka cha njala ija ya 2002. Ndinali ndi ndalama m'thumba, ndipo ndinauza amayi kuti njala yathera pomwepo. Ndinazungulira Balaka yense, Liwonde, Ntaja mpaka ku Chikweo, chimanga osachiona ngakhale cha m'mbale. Ndinabwerera ndi matope m'matayala, mafuta atatheratu. Amayi ndi mlongo wanga Bernadetta anapitiriza kuwiritsa mango aawisi. Chiyembekezo chawo chinali bungwe lina limene linkagawa chimanga. Anthu ake ankayenda khomo ndi khomo kuona ovutikitsitsa, ndipo kwathu anali kudzafika mawa lake.

Poti ndinalibe chochita, ndinatulutsa dongo langa lija. Bernadetta ankawaza madzi a sopo uku akung'ung'udza, ine ndikutsetsereza dongolo pang'onopang'ono, likada n'kulipinda. Pomaliza Benzi inkawala moti akatekisiti anaima n'kupesa tsitsi pachitseko, ndipo madoda ena anabwera kudzaona mmene nthiti zawo zatulukira.

Amayi anaizungulira galimotoyo, manja kumbuyo.

"Kodi a Wadson, anthu a chimanga aja akadziona nkhope pa chinthu ichi, anena kuti pakhomo pano pali njala?"

Ndinawauza kuti asade nkhawa, ndidzawafotokozera anthuwo m'Chizungu chomveka bwino.

"Chizungu chanucho tidzadyera ndiwo zanji?"

Ndinati tiikankhe tikaibise kuseri kwa chulu. Tinayesa, koma Benzi ndi chitsulo chenicheni, ndipo okankhawo anali atadya mango okha. Siinasunthe.

M'mawa ndinadzutsidwa ndi phokoso la kukhwekhwereza. Nditatuluka ndinapeza amayi atagwada pa boneti, pambali pali beseni la dothi lakuda la kudambo, m'manja muli mwala wosalala umene amazirira pansi m'nyumba. Ankazira Benzi yanga monga momwe amazirira khonde Khirisimasi ikayandikira, mosamala, osasiya malo. Mchenga uliwonse umene unkadutsa pa penti ndinkaumva m'mano.

Ndinathamanga kuti ndiwalande mwalawo. Nditagwira mkono wawo, zala zanga zinazungulira n'kukumana, malo n'kutsala. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti ngati ndabwera kudzathandiza ndiyambe denga, iwo msana sukulola.

Tsono ine ndikagwira ntchito sindichita za theka. Ndinawauza kuti dothi lawolo lasalala kwambiri, aliyense aona kuti ndi dzanja la munthu. Ndinasakaniza ndi phulusa komanso katondo kuti zioneke ngati dzimbiri. Ndinaphwetsa matayala, limodzi n'kulichotsa, n'kuikapo njerwa. Bernadetta anayanika sanza pa magalasi, ine n'kukokera ziyangoyango za maungu pamwamba. Galimoto yakufa ngati imeneyo simungaipeze ngakhale ku magalaja a ku Limbe.

Amene anabwera anali bambo wina wa bungwelo, a Elliam. Anasuzumira m'nkhokwe, anavundukula mphika wa mango, kenako anaima pa Benzi n'kufunsa mwini wake.

"Ndi ya mwana wangayu," amayi anayankha. "Anabwera nayo kalekale, inafa. Naye wangokhala ngati yomweyo."

A Elliam anandiyang'ana mwachisoni. Anandigwira paphewa n'kundilangiza kuti mwamuna wamphamvu ngati ine ndisamalemetse nkhalamba, ndizipita kukasaka ganyu. Ine amene ndimalemba anthu ntchito ku Durban ndinawerama n'kuthokoza. Amayi anauzidwa kuti akatenge thumba lawo Loweruka kusukulu.

Sukuluyo ili kutsidya kwa mtsinje, mtunda ndithu, ndipo ogawa anali a Elliam omwewo. Galimoto yakufa singadzuke Loweruka, ngakhale mafuta atapezeka. Bernadetta anati khosi likumupweteka chifukwa cha madzi amene ndinamutungitsa. Ndiye thumbalo ndinalisenza ndine, pamutu, nditavala nsapato zanga zosongoka. Kafunseni anthu a ku Rivirivi, mpaka lero sanaonenso munthu wosenza chimanga akuyenda mwaulemerero chotero. Amayi ankabwera pambuyo, maso pathumba, akundikalipira kuti ndichepetse kunjanja chifukwa msoko wa pakona ukumasuka.