Ngalande Yodontha ya Wendell

Zaka zisanu ndi ziwiri Lorna sanam'patse mpata wopuma Wendell, nkhani yake ngalande basi.

Chigwa chawo cha ku Nevada, ku Amereka, mvula imachita kuchilambalala. Madzi onse anali a chipale chofewa chosungunuka m'mapiri, ndipo ankadzera kaye pafamu ya Wendell asanafike kumsipu wa Lorna. Koma ngalande ya mkuluyo, abale inu! Yadothi, mbewa zitaiboola ngati sefa. Kumunsi kunkafika theka lokha.

"A Wendell, madzi angawa mukumwetsa mbewa?" ankakuwa Lorna ali pampanda.

"Kaweteni ng'ombe zanu, mayi. Ngalande iyi anakumba agogo anga inu musanamere mano."

Lorna anakam'sumira ku komiti ya madzi, mpaka kumutcha mbava pamaso pa chigwa chonse. Mlandu unam'komera Lorna. Wendell analamulidwa kukwirira ngalandeyo n'kuika mapaipi.

"Mwapambana, mayi," anatero Wendell tsiku lomaliza ntchitoyo, atavula chipewa. "Sipadzatayikanso ngakhale dontho."

Madzi anabweradi odzaza tho, Lorna n'kumayenda monyang'wa. Mu Julaye chipale chinatha, mapaipi anauma monga ngalande inkaumira chaka chilichonse. Iye analibe nazo nkhawa. Kumunsi kwa mpanda wa Wendell kunali kasupe amene sanaphwepo chibadwire chake, ndipo ng'ombe zake makumi asanu ndi limodzi zinkamwa pamenepo mpaka nyengo yozizira.

Mu Ogasiti kasupe uja anasanduka matope. Mu Seputembala, fumbi lokhalokha. Ng'ombe zinaima mozungulira dzenjelo zikulira, nthiti zili pamtunda.

Lorna anakam'peza Wendell akukhoma hatchi zitsulo za kumapazi.

"Mfiti inu! Kasupe wanga mwam'tani?"

"Kasupe wake uti?" Wendell sanadzutse n'komwe mutu. "Palibe kasupe pamenepaja. Anali madzi odontha m'ngalande yanga, ankayenda pang'onopang'ono pansi pa nthaka n'kukatulukira kwanu. Bambo anu ankadziwa. N'chifukwa chake sanadandaulepo."

Lorna anachita mantha enieni.

"Ndiye munadziwa, n'kungokhala chete?"

"Mbava amaifunsa nzeru?"

"Fukulani mapaipiwo!"

"Komiti inalamula, mayi. Pepala lake muli nalo ndinu."

Lachisanu malole awiri anabwera kudzatenga ng'ombe za Lorna kupita nazo kumsika. Wendell anawatsegulira yekha geti, chifukwa msewu umadzera kwake, ndipo Lorna atadutsa anam'vuliranso chipewa.