Nthenga za Phiko Limodzi

Bambo ake a Fryson Kamzati anamwalira mu Febuluwale 1996 ku Malomo, m'boma la Ntchisi, Fryson ali ku Bowie, kutsidya kwa nyanja, akuyala mabedi m'nyumba yosamaliramo okalamba. Kumaliro sanapite. Mapepala ake omuloleza kukhala kumeneko anali asanatuluke, moti akanangochoka m'dzikomo, njira yobwerera ikanatsekeka. Anthu a kutchalitchi anabwera kudzapepesa, anaimba nyimbo ziwiri zitatu, kumwa tiyi, n'kubalalika. Koma iye msozi osagwa ngakhale umodzi, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima.

Patatha miyezi itatu, mayi Emelda, namwino amene ankapemphera naye, anabwera kuchokera kumudzi ndi kaphukusi kamene anakabisa m'Baibulo. Munali nthenga khumi za nkhanga, zomangidwa timitolo tiwiri, kena ndi luzi, kena ndi ulusi wofiira. Mlongo wake anali atalemba kakalata: "Achimwene, chuma sanasiye. Izi ndi zomwe tapeza atatsomeka kudenga."

Malemuwotu anali katswiri wa mivi. Muvi wake ukachoka pa uta unkalira mluzu wakewake, fyuuu, mpaka anthu ali kumunda ankaweramuka n'kunena kuti, "A Kamzati amenewo." Tsono Fryson ankangofuna chinthu chimodzi: kumvanso kulira kumeneko, ngakhale kamodzi kokha. Vuto linali lakuti lusolo sanalitenge. Bambo akamuitana kuti adzaone mamangidwe a nthenga, mwana wa sukuluyo ankati za mauta n'zachikale, liwiro ku mpira. Lero ndi uyu, bambo wa zaka makumi anayi, akukanda mutu.

Anamasula timitolo tonse tiwiri n'kukhuthulira nthengazo m'chitini cha mabisiketi. Anagula uta wakale ndi timitengo ta mivi, ndipo Loweruka lililonse akaweruka ankapita ku paki ina kumene anthu amaphunzirira kulasa. Muvi woyamba unauluka ukugwedeza mchira, n'kukakwekwereza pansi, nthenga zonse phuluphulu. Wachiwiri unakhotera kumbali n'kukathyokera pa mzati. Nthenga zisanu ndi imodzi zinathera pamenepo, mluzu osamveka.

Akutola zidutswa, anamva mawu kumbuyo. "Imwe ba Fryson, muvi munaumwetsa mowa?"

Anali Mulenga, mkulu wa ku Lusaka amene ankakonza ndege zing'onozing'ono, ndipo kulasa anali masewera ake. Anatenga chidutswa chokhala ndi nthenga, kuchitembenuza, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Manje onani. Nthenga iyi ni ya phiko la kumanzere, izi ziwiri ni za kumanja. Nthenga iliyonse imapindikira kumbali ya phiko lake. Mukaika za phiko limodzi, mphepo izikankha mbali imodzi, muvi uzungulira monga nguli, uyenda mowongoka. Koma imwe mwaika zokangana. Iyi ikuti tiyeni uku, izi zikuti tiyeni uko!"

Fryson anakumbukira timitolo tija. Luzi ndi ulusi wofiira! Bambo ake anali atazisankhula kale, phiko ili palokha, ilo palokha, iye n'kuzisakaniza ngati nyemba. Ndipo mawu aja anabwera okha, mawu amene ankawamva ali kale pa chipata akuthawira ku mpira: "Iwe, nthenga za mapiko awiri sizigwirizana ulendo." Manyazi anamugwira, koma chisoni chinaposa.

M'chitini munatsala nthenga zinayi. Mulenga anaziyala pa bonati ya galimoto. Zitatu zinali za kumanzere, imodzi ya kumanja.

"Muli na mwayi," anatero. "Muvi umodzi chabe. Mukaulakwitsa, kwasila, zathera pomwepo."

Sabata yonse Fryson anaukonza muviwo pa tebulo la kukhitchini, kung'amba nthenga, kuzipendeketsa pang'ono monga anamuuzira Mulenga, kuzimanga ndi ulusi wofiira womwe uja. Utatha, ankangouyang'ana. Madontho oyera a nkhanga aja ankamukumbutsa manja a bambo ake, mpaka zikhadabo zake zothetheka.

Loweruka anaima patsogolo pa chandamale. Kuseri kwake kunali nkhalango ya minga yotsikira kudambo. Anakoka nsinga pang'ono, mwamantha, n'kusiya. Muvi unayenda mowongoka ndithu, ukutembenuka mwaulesi, n'kugwera pa udzu uli zii.

"Ah-ah, ba Fryson, muuponya monga dzira?" anatero Mulenga. "Muvi suzizungulitsa wokha, ni mphepo iuzungulitsa. Liwiro likachepa, na kuzungulira kuchepa. Mufuna ulire? Kokani mpaka kukhutu."

"Nanga ukapitirira? Umo sindingaupezenso."

"Ndiye kaupachikeni pa khoma, muziupukuta fumbi."

Fryson anakautola. Nthenga zinali bwinobwino. Anaganizadi zopita nawo kunyumba, kuusunga mpaka tsiku limene mapepala adzatuluke, kukauonetsa mlongo wake. Koma kodi muvi wosalira n'kukhala wa a Kamzati? Bambo ake sankanyengerera uta ayi. Ankakoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera.

Anaponda bwino, kukoka, kukokabe, chala mpaka kukhudza khutu. Anasiya.

Fyuuuu!

Womwewo! Mluzu womwe uja wa ku Malomo, osasintha ngakhale pang'ono. Madontho a nkhanga anasungunuka n'kukhala kamkombero kotuwa, muvi unadutsa pamwamba pa chandamale, n'kulowa m'mitengo. Masamba awiri atatu anagwa, kenako bata.

"Mayo! Tiyeni tikausakile," anatero Mulenga, atayamba kale kuyenda.

"Usiyeni," anatero Fryson. "Apita."

Anaika uta pansi. Anapisa m'thumba la malaya n'kupezamo kanthenga kotsala kaja, ka phiko la kumanja, kopanda anzake. Anakhala pa udzu, ndipo maliro amene anakanika kutuluka mu Febuluwale anatuluka tsopano, mokweza, mwa kwawo.

"Abambo ine! Mwandisiya kutali, abambo anga ine!"

Azungu amene ankalasa pafupi anatsitsa mauta awo, kusowa chochita. Mulenga anabwerera, anavula chipewa, n'kukhala pansi pambali pake, monga timachitira pa siwa.