Phata la Mtedza

Munda unali umodzi, mbewu ya m'thumba limodzi, koma mtedza wa mbali ya alamu ake unabiriwira mochititsa kaso, pamene wa mayi wamasiyeyu unangokhala chinyonyomalire, wachikasu, masamba atapiringizika. Ndani sakadakayika? Chimwalirireni mwamuna wake, abale ankanong'onezana kuti mkazi yekha sangauthe mundawo, bola aupereke. Ndipo amene anagawa mbewu anali alamu omwewo, akumwetulira mano onse panja. Mayiyu kumwetulira kumeneko sanakukhulupirire.

Anazula phata limodzi, n'kutapa mbewu yotsala m'kambale, ulendo ku ofesi ya mlangizi wa zaulimi. Zonse anaziika patebulo, dothi n'kumwazikira pa mapepala.

"Bambo, musandibisire. Mbewu iyi alamu anga anandipatsa yodwala dala, eti? Akufuna ndilephere kuti andilande munda."

Mlangizi anaswa njere imodzi, n'kupeza ili bwinobwino. Kenako anatembenuza tsamba la phata lija. Kunsi kwake kunali nsabwe zakuda zitaunjikana.

"Mbewu ilibe mlandu, mayi. Awa ndi matenda a kadukutu, ndipo sayenda m'mbewu, amabwera ndi nsabwezi. Zimakonda mtedza wobzala mochedwa, wotalikirana, dothi likuonekera. Inu munabzala liti?"

Mayi uja anayamba kuwerenga masiku mumtima. Alamu anabzala ndi mvula yoyamba. Iye anatha masabata atatu akusankha njere imodziimodzi, kufunafuna chinyengo. Theka la mbewu analibisa pansi pa bedi kuti likhale umboni, lotsalalo n'kulitambasula munda wonse. Kuchenjera kwinaku kumapweteka mwini wake.

"Nanga mankhwala?"

"Nsabwe tikhoza kupha, koma chomera chodwala sichichira. Kukolola mukolola, kungoti zochepa kwambiri." Mlangizi anasesa dothi ndi dzanja. "Paja alamu anu anabweranso sabata yatha ndi phata ngati lomweli. Amafunsa ngati mbali yanu ingapulumuke, akuti abale asapeze ponenera."

Manyazi anamugwira mayi uja. Anatuluka osatsanzika bwino, akudziwa kuti ngati munda upita, waupereka yekha ndi manja ake awiri. Anatsimikiza kuti akangofika apite kwa alamu akapepese, ndipo mawu ake anali atawakonza kale.

Koma atafika pa mphambano anaima, kambale kali m'manja. Phata limenelo alamu analizula liti m'munda mwake, iye osawaona? Anakhotera njira ya kwake.